Bata la M'nyumba ya Telala

Anzake ankangomutcha Wamawu, poti pa kagulu kawo kopanga mafilimu iye ndiye ankanyamula maikolofoni. Madzulo amenewo anali atatheratu. Mapewa ankawawa, njala itamupota, koma zopita kunyumba panalibe.

Pa ntchito imeneyi pali lamulo limodzi. Mukamaliza kufunsa munthu mafunso, aliyense amakhala chete, wamawu n'kujambula bata la chipindacho. Chipinda chilichonse chili ndi bata lakelake. Wolumikiza filimu amamata batalo paliponse pomwe wadula mawu, kuti omvera asamve zigamba.

Wamawu anaiwala lamuloli. Tsiku lomwe ankajambula telala wina wokalamba, kunja kunada mkuluyo ali pakati pa nkhani, bwana wawo dailekita n'kungoti, "Basi, zakwana, tizipita." Anapakira zida mothamanga. Tsopano telalayo anali atamwalira, filimu ili zigamba zokhazokha, ndipo dailekita anali atamuuza Wamawu mosapita m'mbali: "Ukapanda kubwera nalo mawa batalo, usadzaonekenso kuno."

Atafika kunyumba ya telalayo, anamutsegulira chitseko ndi mwana wamkazi wa malemuyo, mayi wamkulu ndithu, maso ali otupa ndi tulo.

"Mudzajambula chiyani, achimwene? Eniake kulibe."

"Bata chabe, mayi. Sindichedwa."

"Bata? Ha! Koma ntchito zinazi."

M'chipindamo simunasinthe kanthu. Makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu, choko ndi sizasi zili patebulo, mpando wathabwa uli pakona. Wamawu anapempha mayiwo kuti aimitse wotchi yapakhoma. Anaimika maikolofoni, kuvala mahedifoni kumakutu, n'kuyatsa makina ake.

Zii.

Kenako mpando unalira ngati wina wakhalapo.

Anacheuka. Panalibe munthu. Anavula mahedifoni: zii. Anaganiza kuti ndi kutopa, poti makutu nawo akatopa amanama. Anavalanso.

Wina ankapuma pafupi ndi maikolofoni. Kupuma kwa munthu wa chifuwa, kokoka. Anatsokomola pang'ono, n'kukonza kukhosi.

"Ndiye monga ndimanena muja…"

Thupi lonse linachita tsemwe. Mawuwo ankawadziwa bwino, anali atawamvera mpaka kutopa nawo. Mkuluyo sanali wokwiya ayi. Anangoyambira pomwe anamusiyitsa paja, za malaya oyamba amene anasoka ali mnyamata, mkono wina wautali, wina waufupi.

Mayi aja anali atatsamira chitseko, akumuyang'ana nkhope.

"Akuyankhula eti?" ananong'ona.

Wamawu anangogwedeza mutu.

"Ife sitigona muno. Mawu sitiwamva, timangomva mpandowo usiku wonse. Bambo anapita akudandaula kuti munawadula pakamwa."

"Ndiye nditani, mayi? Ntchito yanga ithera pompano."

"Dikirani amalize. Bata lanulo libwera akamaliza."

Mayiwo anayasamula, n'kukalowa kuchipinda kwawo. Posakhalitsa kunamveka mkonono, wa munthu amene wapeza womulandira katundu.

Wamawu anakhala pansi, msana atautsamiritsa kukhoma. Mantha anamutha pang'onopang'ono, kunangotsala kutopa ndi manyazi. Nthawi iliyonse mkuluyo akapuma, iye ankagwira mpweya, kuyembekeza bata loti ajambule. Ayi ndithu. Mkuluyo ankangokonza kukhosi n'kupitiriza. Batire inatha, kanyali kofiira kanazima, koma mawu m'mahedifoni sanaleke.

Kutacha, foni yake inalira kambirimbiri m'thumba. Anali dailekita. Sanayankhe. Ankadziwa kuti ntchito yapita, koma kudula mkuluyo kachiwiri, aa, mtima unakana.

Oyandikana nawo nyumba ndi amene amasimba zotsalazo, monong'ona. Ena amati anthu a makamera aja anatsegula pakamwa pa nkhalamba n'kuchoka osatseka. Mayi wina amene ankasesa pabwalo akuti anasuzumira pawindo, n'kuona mlendo ali pansi, maso ali psuu, akugwedezera mutu mpando wopanda munthu.

"Achimwene, kwachatu. Simupita kwanu?"

Wamawu anaika chala pakamwa.

"Chete, mayi. Akuluwa angofika kumene pomwe anakwatira."