Tinsalu ta pa Msuku

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Dedza, kuzizira kwa mu Juni kukuluma zala. Elena ankagulitsa kachewere. Vinsenti ankadikira alendo oti akakwere nawo kaphiri ka kuseri kwa Mphunzi, poti ndiyo inali ntchito yake.

"Achemwali, kaphiri kathu n'kakang'ono, koma pamwamba pake mumaona mpaka ku Mozambiki," anatero Vinsenti. "Ndidzakutengeni liti?"

Koma mnyamata ameneyu kuthyathyalika pakamwa! Posakhalitsa Elena anakwera naye. Pamwamba panali mtengo umodzi wa msuku, wopindika ndi mphepo. Vinsenti anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje cha Elena n'kukamanga panthambi yoyang'ana kunjira.

"Duwa langa, palibe mkazi amene ndinafikapo naye kuno. Kansaluka kakhala pompano mpaka ankhoswe anga atafika kwanu."

Elena anakauza amalume ake kuti ayembekezere alendo. Dzinja linadza n'kupita, ankhoswe osaoneka. Pa foni uthenga unali womwewomwewo: "Pirira wapamtima, alendo achuluka." Kenako zii.

Mtima unamuwawa zedi. Nkhungu ikatsika m'phirimo, ankamva likhweru lomwe Vinsenti ankakonda kumuitanira. Kutembenuka, palibe munthu. Kodi wayamba misala? Kapena mwana wa eni ake anagwera m'phompho?

"Asisi, ingomuiwalani," anatero Marita, mng'ono wake, nkhope atazolika. Elena anali akumusokera chitenje chachikasu chomwe Marita anati chinang'ambika ndi msomali.

Lamulungu lina atatuluka ku Misa, Elena anakwera yekha. Nkhungu inali itakuta njira yonse, ngakhale mbalame sizinkalira. Pamwamba anapeza kansalu kake kali pomwepo, katangofwifwa. Anakagwira, misozi ili chuchuchu. Ndiye kuti lonjezo likadalipo!

Pomwepo anamva kanthu kakukupiza kuseri kwa mtengo.

"Vinsenti, ndiwe?"

Anazungulira pang'onopang'ono. Mayo ine! Nthambi za kuseriko zinali zodzaza tinsalu, tina tofwifwa, tina tovunda, tikugwedezeka m'nkhungumo ngati manja a anthu otsanzika. Aliyense wa eni ake anaimapo pamenepa n'kutchedwa duwa. Kamodzi kokha kanali katsopano, kachikasu.

Elena anakamasula n'kutsika osacheuka. Likhweru lija silinamvekenso.

Kunyumba anapeza Marita akutsuka mbale. Elena anagwada n'kugunditsa kansalu kaja pa chitenje chomwe Marita anavala, pomwe iye mwini anasoka paja. Maluwa a nsaluyo analumikizana ndendende.

"Msomali wake ndi umenewu, Marita?"

Mbale inagwa pansi. Marita anayamba kusisima, dzanja lili pamimba.

"Asisi, ndikhululukireni. Anandilumbirira kuti inu sanakwerepo nanu. Anati woyamba ndine."