Kamera Imene Inalowa M'chipatala

Kambalame anali ndi vuto. Mlongo wake wamng'ono anali m'chipatala. Anagwa mumtengo n'kuthyoka mwendo.

Mlongo wakeyo ankakonda kudya. N'chifukwa chake onse ankamutchula Chimimba. Koma tsopano Chimimba sankadya.

"Akungoyang'ana kukhoma," anatero Amayi. "Akuti wasowa kunyumba. Akapanda kudya sachira msanga."

"Ndipite ndikamuone," anatero Kambalame.

"Ana saloledwa m'chipinda cha odwala, mwanangu."

Kambalame anamva chisoni kwambiri.

Tsiku lina kusukulu kunabwera alendo. Anabweretsa makamera. Anapatsa ana ochokera m'mabanja osauka. Kambalame analandira yake. Inali yaing'ono. Inali yokalika pakona. Kumbuyo kwake kunali kagalasi koonera zithunzi.

Kambalame anapita nayo kwa Amalume, ometa tsitsi. Ankafuna kutchaja batire.

Amalume anaitembenuza uku ndi uku.

"Mwana wosauka n'kumupatsa kamera?" anatero. "Kodi kamera imakhutitsa munthu?"

Anthu odikira kumetedwa anaseka. Amalume ndi otero. Pakamwa pawo sipapuma, ngati makina awo ometera. Koma batire anatchaja.

Kambalame anathamangira kunyumba. Anajambula chitseko. Anajambula bulangete la Chimimba. Anajambula mpira wake wa mapepala.

Kujambula Khutu, galu wawo, kunavuta. Chithunzi choyamba, mchira wokha. Chachiwiri, mphuno yokha. Kenako Khutu anatopa. Anagona pa nsapato ya Chimimba. Kambalame anadina batani.

Anabwereranso kwa Amalume. Anawapeza akuyasamula. Anadinanso batani.

M'mawa anapereka kamera kwa Amayi.

"Ine sindingalowe," anatero. "Koma iyi ilowa. Mukamuonetse. Akafuna kujambula, adine apa."

Madzulo Amayi anabwera akumwetulira.

"Waseka," anatero. "Ataona Amalume, waseka mpaka anamwino abwera kudzasuzumira. Ataona Khutu, walira pang'ono."

"Nanga wadya?"

"Masupuni awiri okha."

Kambalame anayang'ana pakagalasi. Chimimba nayenso anajambula. Anajambula denga. Anajambula mwendo wake womangidwa. Anajambula anamwino, koma opanda mutu.

Kamera inayamba ulendo. M'mawa inkapita kuchipatala. Madzulo inkabwera kunyumba. Inkapita ndi zithunzi za Kambalame. Inkabwera ndi zithunzi za Chimimba.

Tsiku lina inabwera ndi chithunzi chimodzi chokha. Kambalame anachiyang'ana. Anathamangira kwa Amalume.

"Amalume, taonani."

Amalume anazimitsa makina. Anasuzumira pakagalasi. Panali mbale ya chakudya ya kuchipatala. Mbaleyo inali mbee. Munalibe kanthu. Ndi supuni yomwe inali yonyambitidwa.

"Wamaliza chonse?" anafunsa Amalume.

"Chonse. Amayi akuti wapempha china."

Amalume anakhala chete. Anthu odikira kumetedwa anadabwa. Anali asanawaonepo Amalume ali chete.

Kenako Amalume anatenga chipeso. Anapesa ndevu zawo. Anakonza kolala ya malaya.

"Tandijambula bwinobwino, mphwanga," anatero. "Ukamuuze kuti akamaliza mbale yachiwiri, ndiyasamulanso."

Kambalame anadina batani.