Thanki ya Amake Cynthia

Nkhani iyi sindinaitole pamsika ayi. Inachitika ku Itawa, ku Ndola, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anamva ndi makutu awo ndi anthu awiri: a Pius Daka ndi mwana wawo Cynthia. Wachitatu ndi Reuben, wogulitsa nsomba zoweta m'tauni, amene anaona zotsatira zake. Onsewa ndimawadziwa bwino. Cynthia makamaka ndi munthu wouma mutu, ngakhale maloto ake omwe sawakhulupirira, ndiye akakuuzani kuti anamva chinthu, dziwani kuti anamvadi.

A Daka anagwira ntchito yokonza mapampu pansi pa mgodi ku Kitwe zaka makumi atatu. Akazi awo, a Harriet, anali namwino. Chaka china dokotala wina wakunja, pobwerera kwawo, anawasiyira a Harriet thanki yagalasi yaitali ngati bedi la mwana, yodzaza madzi amchere. M'katimo munali miyala ya m'nyanja, tinsomba tisanu tamawangamawanga, nkhono zingapo, ndi makorali, zamoyo zija zimakakamira pamwala n'kumaoneka ngati maluwa. Tangoganizani, nyanja yamchere pabalaza lawo mu Nkana East, ku Kitwe!

A Daka thankiyo sanailandire ndi manja awiri.

"Amake Cynthia," ankatero, "ine ndimakhalira kutulutsa madzi mu mgodi, inu mukuwalowetsa m'nyumba mwanga? Nsomba zanji zosadyedwa? Ngakhale kapenta ali ndi phindu."

"Tasunthani apo, a Daka," ankayankha a Harriet osacheuka n'komwe. "Nkhope yanuyo ikuziopseza."

Anakangana choncho zaka khumi ndi zinayi, ndipo ine ndikuti mkangano umenewo ndiwo unali chikondi chawo. Magetsi akazima, pampu yoyendetsa madzi inkaima, ndipo nsomba za m'madzi amchere sizichedwa kubanika. Pamenepo a Harriet ankatenga jagi yawo yapulasitiki, n'kumatunga madzi m'thankimo ndi kuwathiramonso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Ankathira katatu, kenako n'kugogoda jagi pamlomo pa thanki kuti madontho agwe. Ankatha maola akuchita zimenezo. A Daka ankang'ung'udza kuti phokosolo likuwalanda tulo ta masana, koma ndi iwo omwe tsiku lina anabwera ndi batire lalikulu n'kulilumikiza ku pampu, akuti poteteza makutu awo.

A Harriet anadwala mtima miyezi itatu. Madzulo omaliza m'chipatala sananene za nyumba kapena za maliro. Anagwira mkono wa amuna awo nati, "Musandiphere nsomba zanga, a Daka."

"Ndidzazikazinga ndi tomato," anatero a Daka.

A Harriet anaseka. M'mawa mwake anatisiya.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi, Cynthia anaumirira kuti bambo ake asamukire kwa iye ku Itawa, chifukwa nkhalamba yokhala yokha m'nyumba yazipinda zinayi imayamba kuyankhula ndi makoma. A Daka anavomera, koma anati choyamba kukwera lole chikhale thanki.

Apa ndiye panalakwika, ndipo analakwitsa chifukwa cha chikondi. Munthu wa mapampu amakhulupirira kuti chinthu chikaphwasulidwa chiyenera kutsukidwa chisanamangidwenso. Nsomba ndi makorali anaziika m'ndowa bwinobwino. Koma madzi akale anawataya onse, akuti ndi olemera ndiponso okalamba. Miyala anaikwecha ndi burashi yawaya n'kuiyanika padzuwa. Mchenga anautsuka pampopi mpaka kuyera mbuu. Atafika ku Itawa anasakaniza madzi apampopi ndi mchere umene a Harriet ankaitanitsa ku Lusaka, n'kuika thanki pawindo penipeni kuti nsomba zizionako dzuwa. Anaima patali akusisita manja, akuganiza kuti mwini wake akanaona akanawayamikira.

Sabata isanathe madzi anachita mbuu ngati thobwa la munkoyo. Pagalasi panamera ndere zabulauni, pamiyala zobiriwira zaubweya, pamchenga zofiira zoterera. Akapukuta m'mawa, masana zabwerera. Makorali anafinyika, limodzi linayamba kutuwa. M'chipindamo munkamveka kafungo ka ngalande. Lachisanu kansomba kakang'ono pa zonse kanapezeka kali chagada. A Daka anakakulunga m'mpango wawo wam'thumba n'kukakwirira kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Cynthia anaitana Reuben. Iye anabwera ndi timabotolo take toyezera madzi, nadontheza mankhwala, madzi n'kusintha mtundu. Anagwira pakamwa.

"Ba Daka, miyala iyi mwaichapa?"

"Ndi burashi," anatero a Daka monyadira pang'ono.

"Awe mwandi! Litsiro mwachotsalo ndiwo unali moyo wa thanki. M'miyalamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa za nsomba. Inu mwathamangitsa antchito onse, mwasiya mabwana okhaokha. Ndiye mwawonjeza madzi apampopi ndi dzuwa. Ndere zikukondwera, zapeza phwando."

A Daka anazolika ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Reuben anawauza zochita. Achotse zigubu ziwiri za madziwo n'kuthiramo ena osefedwa, ochokera kushopu kwake. Chakudya achepetse kwambiri. Thanki aichotse pawindo, aifunditse masiku atatu kuti kuwala kusalowe ndipo ndere zife ndi njala.

"Koma chimodzi chokha, mukwai," anatero akutuluka. "Pampu isaime. Madzi odwala chonchi alibe mpweya wokwanira. Ikaima maola awiri kapena atatu, mudzapeza zonse zayandama."

Zofundira zoyenera panalibe, choncho a Daka anatsegula sutikesi ya akazi awo imene sanaikhudze chichitikireni maliro. Anatulutsa zitenje zinayi n'kufunditsa thanki mbali zonse. Vuto linali lakuti batire lija linatsala ku Kitwe m'galaja, pamodzi ndi katundu wina. Pa tsiku lachiwiri la mdimawo, iwo ndi Cynthia ananyamuka seveni koloko m'mawa kukalitenga. Magetsi ankayenera kuzima madzulo, ndiye anati nthawi ilipo yambiri. Anakhoma nyumba, makiyi Cynthia n'kuika m'chikwama.

Itangokwana naini koloko, mayi Zipporah, oyandikana nyumba ndi Cynthia ku Itawa, anaimba foni. Magetsi azima dera lonse, mtengo wagwera mawaya. A Daka anaponya batire m'galimoto, koma pamsewu wa ku Ndola lole yamalasha inali itagubuduka n'kutseka njira. Anakhala pamzere wa magalimoto ola loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka anasiya kuyang'ana wotchi. A Daka, amene pakamwa sipatsekeka, ankangoyang'ana kutsogolo njira yonse. Kamodzi kokha anati, "Anandipempha chinthu chimodzi basi, Cynthia. Chimodzi." Mwana wawo anangowagwira bondo.

Anafika ku Itawa foro koloko itadutsa. Maola asanu ndi awiri pampu ili chiimire.

Chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira. Mawindo onse ali ndi zitsulo. Cynthia anatsegula, nalowa patsogolo. M'nyumba munali zii, ngakhale firiji sinkalira. A Daka anaika batire pansi kuti apume kaye asanakaone maliro a nsomba zija.

Ndipo anamva.

Khwaa. Khwaa. Khwaa. Gu.

Cynthia anaima. Anatembenuka kuyang'ana bambo ake.

Khwaa. Khwaa. Khwaa. Gu.

"Adadi," ananong'ona, "mwasiya mpopi?"

"Mpopi sugogoda."

Phokosolo linkachokera pabalaza. Kafungo ka ngalande kaja kunalibe. M'malo mwake munkanunkhira mafuta odzola a kamfa, amene a Harriet ankapaka m'manja akachoka m'madzi amchere. Mafuta amenewo m'nyumba ya Cynthia sanalowemo.

Anayenda pang'onopang'ono. Chitseko cha pabalaza chinali chotseguka pang'ono. Anasuzumira.

Munalibe munthu.

Thanki inali yofundidwa monga anaisiyira, kupatula pangodya imodzi, mbali yosayang'ana kuwindo. Pamenepo chitenje chinali chitapindidwa bwinobwino, malo okwana dzanja basi. Nsonga yake inkagwedezeka pang'ono. Mphepo kunalibe.

Khwaa. Khwaa.

Cynthia anagwira malaya a bambo ake. Zala zake zinali zozizira.

A Daka anavula chipewa.

"Amake Cynthia," anatero motsitsa. "Tafika. Pepani, tachedwa."

Phokoso linaima.

Kenako, khwaa. Gu.

A Daka anakoka batire lija, nagwada pafupi ndi thanki osayang'ana m'mwamba, nalumikiza mawaya. Pampu inayamba kung'ung'uza. Atadzuka anaona jagi yapulasitiki ili pansi, pafupi ndi phazi lawo. Jagi imeneyo Cynthia anailongedza yekha m'katoni ya ziwiya, ndipo katoniyo anakaipeza m'chipinda chosungiramo katundu ili chimatire. Jagiyo inali yonyowa. A Daka anaviika chala n'kulawa. Unali mchere.

Ngodya ija anaifunditsanso osasuzumira, chifukwa Reuben anati masiku atatu. Koma kunena zoona ankaopanso.

Tsiku lovundukula, Reuben anabwera ndi kathumba kotolera zakufa, poti anali atamva za maola asanu ndi awiri aja. Anachotsa zitenje. Ndere zinali zitafota, zikugwa zokha pamiyala. Madzi anali atayamba kuyera. Nsomba zinatuluka kuseri kwa miyala, imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zonse zikupempha chakudya. Reuben anayeza madzi kawiri.

"Munali ndi jenereta," anatero.

"Tinalibe," anatero Cynthia.

"Ndiye ndani ankaziyang'anira?"

"Mwini wake," anatero a Daka.

Reuben analongedza timabotolo take mwachangu, ndipo tiyi amene anamuikira sanamwe.

Thanki inachira. A Daka anaphunzira kuyeza mchere, kusintha madzi pang'onopang'ono sabata iliyonse, ndi kusiya miyala ndi litsiro lake. Makorali anatambasukanso. Magetsi akazima batire linkagwira ntchito, ndipo jagi sinamvekenso. Mwina mukuganiza kuti nkhalamba inakondwa. Ayi ndithu. Cynthia ankaipeza itakhala pabalaza magetsi atazima, ikutchera khutu, kenako n'kuyang'ana batire lija ndi diso lachidani.

Lamlungu lina lotentha, Cynthia anapita yekha ku Misa, bambo ake atanena kuti msana ukuwawa. Pobwera masana anapeza m'nyumba muli zii, pamene magetsi analipo. Analowa pabalaza. A Daka anali atameta ndevu, atavala malaya oyera, atakhala pampando manja ali pamaondo. Jagi anali ataiika pakatebulo pafupi ndi thanki. Swichi ya pampu, imene inali kukhoma la uko, inali yozimitsa. Nsomba zonse zinayi zinali pamwamba pa madzi zikuphaphatiza milomo.

"Adadi! Mukutani?"

"Shh. Ndingomumvako pang'ono. Kamodzi kokha."

"Mwazimitsa nthawi yanji?"

"Utangotuluka."

"Muzipha, adadi."

"Sangalole," anatero a Daka, misozi ikutsikira m'malaya oyera aja. "Ndamusowa, mwana wanga. Ndamusowa kwambiri."

Cynthia anandiuza yekha kuti ankayenera kuthamangira kukhoma n'kuyatsa. Sanapite. Nayenso ankawafuna amayi ake. Anakhala pansi pafupi ndi bambo ake, onse awiri maso ali pa jagi.

Jagi sinasunthe.

Mphindi zisanu. Mphindi khumi. Nsomba yachikasu inayamba kupendekeka.

Fungo la kamfa linadzaza chipinda.

Tha! Swichi inalira kukhoma, kumene kunalibe munthu. Pampu inayamba. Nthawi yomweyo kunamveka phwaa, ndipo a Daka anakoka dzanja lawo lamanja.

"Mayo!"

Anayang'ana dzanjalo. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, mpaka kutsokomola.

"Wandimenya! Cynthia, amako andimenya!" Anapukuta maso ndi mkono winawo. "Ndamva, amake Cynthia. Ndamva. Sindidzachitanso."

Ndipo sanachitenso. Nsomba zinayi zija zilipo mpaka lero, yachikasu ija ndiyo yonenepa pa zonse, ndipo m'nyumbamo simunamvekenso kanthu. Ine sindikuuzani kuti chinali chiyani, chifukwa sindikudziwa. Chimene Cynthia anaona ndi chakuti kuseri kwa dzanja la bambo ake kunali konyowa, ndipo kutauma kunatsala mizere inayi yoyera ya mchere, yotalika ngati zala za munthu wamkazi. Madzulo atawabweretsera beseni kuti asambe m'manja adye, a Daka anabisa dzanjalo m'khwapa n'kupempha supuni.