Dzina la Choko Pamwala Wakuda

Winnie Garrod anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona dzina la bambo ake pakhoma la tchalitchi.

Bambo ake anapita kunkhondo. Anabwerako, koma anabwera akudwala. Utsi woipa wa kunkhondo unawapsereza m'chifuwa. Ankatsokomola m'mawa. Ankatsokomola masana. Anatsokomola chaka chathunthu. Kenako anamwalira, m'nyengo ya chisanu.

Tchalitchi cha m'mudzi mwathu n'chakale kwambiri. M'kati mwake mumazizira. Muli mizati ikuluikulu ya miyala. Pansi pali miyala ya manda, ndipo poyenda timaponda mayina a akufa. Pakona pagona msilikali wosemedwa pamwala. Mphuno yake inathyoka kalekale. Kumapazi kwake kuli kagalu kamwala.

Chaka chimenecho anaika mwala watsopano pakhoma. Unali mwala wakuda. Unali ndi mayina khumi ndi anayi. Anali mayina a amuna amene anafera kunkhondo.

Lamulungu, Winnie anawerenga mayinawo. Anayambira pamwamba. Anayambiranso pansi. Dzina la bambo ake panalibe.

"Amayi, aiwala ababa," anatero monong'ona.

"Sanaiwale, mwanangu," anayankha amayi. "Akuti bambo ako anafera kunyumba, pabedi. Akuti mwalawu ndi wa ofera kunkhondo okha."

Amayi anaweramitsa mutu. Winnie anaona misozi ikugwera pabuku la nyimbo.

Lolemba, poweruka kusukulu, Winnie analowa m'tchalitchi. Munalibe munthu. Munali zii. M'thumba mwake munali choko. Anakwera pabenchi. Pansi pa dzina lomaliza panali mpata. Analemba pang'onopang'ono: REUBEN GARROD.

Lachiwiri anabweranso. Dzina lija panalibe. Wina anali atafufuta. Winnie analembanso.

Lachitatu anabweranso. Dzina panalibe. Analembanso. Zala zake zinauma ndi chisanu. Choko chinatsala chaching'onong'ono.

Lachinayi, ali pakati polemba, anamva mawu kumbuyo.

"Kodi ndiwe? Tatsika apo."

Anali a Catchpole, nkhalamba yosamalira tchalitchi. Ana onse ankawaopa, chifukwa sankaseka. M'manja anali ndi nsanza yonyowa.

"Masiku atatu ndakhala ndikufufuta," anatero. "Ndimayesa ndi tianyamata tosamva tija."

Koma Winnie sanatsike.

"Musafufute, agogo. Nkhondo inabwera nawo kunyumba ababa. Inali m'chifuwa mwawo. Ine ndinkaimva."

A Catchpole anakweza maso. Anayang'ana pamwala. Dzina lachitatu linali la mwana wawo, Sidney. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pabenchi. Anaika nsanza ija pansi.

Anamuuza Winnie nkhani imene iye sankaidziwa. Sidney atavulala, anagwa m'matope. Amene anamubereka kumsana anali Reuben Garrod. Anayenda naye mu utsi woipa uja mpaka kwa madokotala. Sidney anamwalirabe, koma sanafe yekha.

"Tsiku losankha mayina ine ndinalipo," anatero a Catchpole. "Ndinakhala chete. Ndinalakwa, mwanawe."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. Anayang'ananso zimene Winnie analemba.

"Nanga N wakoyu bwanji wapenya kumbuyo? Kusukulu mumapitira kukagona? Bweretsa chokocho."

Anakonza chilembocho. Dzina sanalifufute.

Lamulungu anthu anadzaza m'tchalitchi. Onse anaona dzina la choko. Ena analozerana. Ena ananong'onezana. Amayi a Winnie anagwira pakamwa.

Wansembe anaima pansi pa mwala uja. Nkhope yake inali yokwiya. Anafunsa kuti ndani walemba pamwala wa akufa.

Winnie anaimirira.

"Ndine, abambo."

A Catchpole nawo anaimirira. Anafotokoza za Sidney. Anafotokoza za matope ndi utsi. Atamaliza, anati dzinalo iwo salifufutanso. Wofuna kufufuta akatenge yekha nsanza.

Palibe anakatenga nsanza.

Mayi wina wamasiye anaimirira. Wina anaimiriranso. Asilikali awiri amene anabwerako amoyo anaimirira. Posakhalitsa tchalitchi chonse chinali chilili.

Wansembe anayang'ana anthu. Anayang'ana Winnie. Kenako anatsegula buku lake. Anawerenga mayina a pamwala mokweza. Anawerenga khumi ndi anayi. Anapuma pang'ono. Anawerenganso limodzi, la choko lija.

Patapita milungu iwiri, kunabwera mmisiri wosema miyala. Go, go, go! Anagogoda tsiku lonse. Winnie anakhala pabenchi n'kumaonerera. Chilembo chimodzi. Chilembo china. Madzulo dzina linatha.

Amayi anabwera kudzaona. Anamunyamula Winnie kuti akhudze. Winnie analowetsa chala m'zilembo. Zinali zakuya. Anapukuta ndi dzanja. Sizinachoke.

"Walemera bwanji iwe," anatero amayi, uku akuseka, uku akulira.

Anamutsitsa. Anaitana a Catchpole kuti akamwe nawo tiyi kunyumba. A Catchpole anakana kamodzi. Anakana kawiri. Winnie anangowagwira dzanja n'kuwakoka, ndipo anapita atatu.