Njinga ya Ilaria

Ermes Zappaterra anapezeka m'mawa wa Lachiwiri atagona chafufumimba m'shopu yake yokonzera njinga ku Ferrara, pakati pa malimu opindika ndi matcheni adzimbiri. Anamupeza ndi Mayi Fedora, ogulitsa buledi pakhomo loyandikana nalo, atamubweretsera khofi monga mwa masiku onse.

Inspekitala Loredana Pocaterra anafika chifunga chisanachoke. Malemuyo ankawadziwa, chifukwa theka la apolisi a mumzindamo ankamatitsa machubu pomwepo.

"Amumenya kamodzi kokha, m'mutu, dzulo masana," anatero dokotala, akuloza loko wanjinga wachitsulo cholemera amene anali pansi. "Chida chake ndi chimenecho."

"Anali ndi adani?" Loredana anafunsa Mayi Fedora.

"Ermes? Munthu wosakwatira, wolankhula ndi mafelemu akale ngati ana ake? Koma sabata yatha anathamangitsa Moreno, uja amagulitsa njinga zakuba kusiteshoni ya sitima. Anatukwanizana msewu wonse kumva."

Moreno analowa m'chipinda chofunsira mafunso kupolisi akuseka.

"Unamuopseza kuti udzamuonetsa," anatero Loredana.

"Pakamwa chabe, bwana! Mdala uja anakana katundu wanga, basi."

"Dzulo masana unali kuti?"

"M'manja mwanu momwemu. Anzanu akusiteshoni ananditsekera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Koyamba m'moyo wanga apolisi kundithandiza!"

Foni imodzi inatsimikiza kuti sankanama.

Loredana anabwerera kushopu yekha. Pakati pa chipindacho panali patakolekedwa felemu yobiriwira ya njinga yachizimayi, yokhota kutsogolo ngati inagundidwa. Ermes anali atayamba kuiwongola ndi kuipala penti. Pansi pa chishalo panali mzere wadzimbiri pamene loko anakhalapo zaka zambiri. Loredana anayezapo loko uja, ndipo anakwanira ndendende.

Apa anaima kaye. Wokonza njinga akapeza loko wopanda kiyi amadula, ndipo chodulira chinali pakhoma pomwepo. Koma loko uyu sanadulidwe. Anatsegulidwa ndi kiyi, m'kabowo mwake munali mokalika mwatsopano. Anayesa makiyi onse a Ermes, palibe amene analowa.

Anagwada n'kuyang'ana kunsi kwa felemuyo. Pachitsulo panali dzina lozokotedwa ndi msomali: Ilaria B.

Dzinalo ankalidziwa. Ilaria Bonora anali mtsikana wophunzira unamwino amene anagundidwa ndi galimoto pamsewu wa m'mbali mwa mtsinje wa Po zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, tsiku lachifunga. Woyendetsa anathawa, njinga sinapezeke. Loredana ndiye anapita kukauza makolo, ndipo mlanduwo unamukanika.

Gualtiero Bonora, bambo ake a mtsikanayo, anatsegula chitseko cha nyumba yake Loredana asanagogode. Anali atameta ndevu, atavala jekete yake yapatchalitchi.

"Lowani, mayi. Ndimakudikirani."

Anakhala kukhitchini. Mkuluyo anaika makiyi ake patebulo. Pakati pa anyumba ndi apageti panali kakiyi kakang'ono kakuda.

"Loko ameneyo ndinamugulira ndine," anatero. "Anali ndi makiyi awiri. Mwanayo anali woiwalaiwala, ndiye anati, 'Ababa, sungani wina.' Ndasunga."

"Chinachitika n'chiyani dzulo, bambo?"

"Njinga yanga inaphulika tayala pafupi ndi shopuyo. Sindinayambe ndalowamo. Nditalowa ndinaona felemu ija. Mumtima ndinati, Gualtiero, wakalamba, njinga zobiriwira n'zambiri. Koma dzanja linapita lokha m'thumba. Kiyi analowa, analimba pang'ono, kenako loko anatseguka."

"Ermes anati chiyani?"

"Anandifunsa dzina. Nditamuuza, anakhala pansi n'kuyamba kulira. Akuti ndiye ankayendetsa galimoto ija, mwanayo sanamuone m'chifungamo. Akuti anatsika, anaona kuti mwanayo sakusuntha, mantha anamugwira, anaponya njinga m'galimoto chifukwa inali ndi penti wa galimotoyo. Ndinamufunsa kuti, ankapuma? Anati sakudziwa. Sanayang'ane." Gualtiero anayang'ana kakiyi kaja. "Adokotala anatiuza kuti Ilaria anakhala wamoyo nthawi yaitali m'ngalande ya m'mbali mwa msewuwo. Akanangoimba foni basi."

"Ndiye munamumenya?" anafunsa Loredana.

"Ngakhale apo sindinamumenye ayi. Ndinkamumvera chisoni, mukhulupirire. Akuti samaona tulo, njingayo anaibisa kudenga zaka zonsezi, analephera kuitaya. Ndiye anagwira felemu ija n'kunena kuti, 'Ndimafuna ndiikonze, ndidzaisiye pakhomo panu. Idzakhala ngati yatsopano, a Bonora, simudzaona n'pamene inagundidwa pomwe.' Loko anali m'dzanja langa. Zotsatira zake mwaziona."

"Munaitana ambulansi?"

Mkuluyo anaweramitsa mutu. "Ayi. Ndinathawa. Inenso sindinayang'ane ngati akupuma." Anapukuta m'maso ndi chikhato. "Zaka zonsezi ndinkafunsa Mulungu kuti ndi munthu wamtundu wanji angachite zimenezo."

Loredana anatenga makiyi aja. Unyolo sanautulutse.

"Tiyenera kupita, bambo."

"Ndikudziwa. Koma mayi a Ilaria apita kumsika, ndipo sakudziwa kanthu. Asabwere n'kupeza nyumba yopanda munthu. Wina anatuluka m'nyumba muno osabweranso, zimenezo zakwana. Mundilole ndiwauze ndekha."

Loredana anayang'ana pawindo. Wapolisi amene anabwera naye anali ataima pafupi ndi galimoto, akuloza wotchi. Anamukodola kuti azimitse injini, kenako anavula jekete n'kuikoleka pampando.

"Tiwadikire," anatero.