Woperekeza pa Tsiku la Dilipu

Nasaluni atabwera kuntchito anapeza mapilisi ake onse atayalidwa patebulo la pabalaza. Apongozi ake anali atakhala pafupi ndi zenera, manja atapinda pachifuwa. Anafika m'nyumbamo sabata yathayo, akuti adzaone ana awo, koma chikwama chawo chinali cha munthu wodzakhalitsa.

"Ndimafuna singano m'kabati mwanu," anatero apongoziwo. "Ndapezamo sitolo."

Dzina loti Nasaluni anamupatsa ndi makasitomala, poti anakhala zaka zambiri akuluka tsitsi pa saluni ya pakona pa msewu wawo. Anavula nsapato pang'onopang'ono. Zingwe zake zinali zitasiya mizere m'mapazi otupa.

"Awa ndikuwadziwa, ndi olera," apongozi ananyamula kapaketi kamodzi. "Mwana wanga akulira mwana, inu mukutseka njira. Ndiye mukungonenepa, nkhope ngati mwezi, mnzanu akutha ndi maganizo."

"Akuuzani choncho iwo?"

"Wandiuza zonse. Akuti simufuna kuwononga thupi."

Nasaluni anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Anatolera mapilisi ake n'kulowa kuchipinda.

Matendawo anayamba ukwati udakali wanthete. Mkodzo unkachita thovu, miyendo inkatupa. Kuchipatala anamuuza kuti tisefa ta mu impso zake tatupa ndipo tikutaya zofunika m'thupi. Anamupatsa mapilisi amphamvu. Impso ankazithandiza ndithu, koma poti ankayenda ndi magazi thupi lonse, ankagwiranso pamene sanatumidwe. Nkhope inafufuma, tsitsi linayamba kuthothoka, mawondo ankawawa ngati a nkhalamba. Tsiku lonse ankakongoletsa akazi anzake, iye akudziona pagalasi kumbuyo kwawo ngati mlendo. Ena mwa mapilisiwo akanatha kulumaza mwana m'mimba, n'chifukwa chake adokotala anawonjezera olera. Mwamuna wake, wokonza magetsi, analipo pamene zonsezi zinkanenedwa. Potuluka anati, "Amayi musawauze, mtima wawo ndi wofooka." Nasaluni anamvera.

Madzulo a tsikulo mwamunayo atafika, Nasaluni anamutsatira kuchipinda.

"Mawa ndi tsiku loyamba la dilipu ija. Akufuna wondiperekeza."

"Ndili ndi ntchito kunja kwa tauni."

"Amayi mwawauza kuti sindifuna mwana?"

Mwamunayo sanachotse maso pafoni. "Kodi ndanama? Mapilisiwo simumwa?"

Nasaluni anakatenthetsa madzi osamba.

M'mawa akutuluka anapeza apongozi ataima pakhomo, atavala juzi, kachikwama kali kukhwapa.

"Ndikufuna ndikamuone ndi maso anga dokotala amene amatseka mimba za akazi a eni."

"Tiyeni," anatero Nasaluni.

Anakwera basi. Kuchipatala anakwera masitepe, n'kudutsa chipinda chachitali chimene anthu anagona m'mizere, magazi awo akutuluka m'timapaipi kupita m'makina n'kubwereranso. Apongozi anachepetsa liwiro. Anayang'ana anthuwo, kenako anayang'ana mapazi a Nasaluni.

Adokotala anali mayi wa imvi zapatalipatali, magalasi atalendewera pachingwe. "Bambo alepheranso?" anafunsa. "Nanga awa?"

"Ndi apongozi anga."

"Ndingalankhule pamaso pawo?"

"Lankhulani. Ndatopa kusunga."

Adokotala anatembenukira kwa apongozi. Anafotokoza za impso, za mapilisi akale, ndi chifukwa chake cha olera. Kenako anati, "Lero tikuyamba njira ina imene idakali yoyesera. Mankhwala tawatsekera m'timibulu tosaoneka ndi maso. Tinapangidwa kuti tiziyenda m'magazi chotseka, tikafika ku impso tizikakamira n'kutsegukira komweko. Cholinga n'choti mankhwala ambiri azifika pamene pali nthenda, thupi linalo lipumeko."

"Ndiye achira?" anafunsa apongozi, mawu atatsika.

"Sindikulonjezani. Ena zikuwathandiza, ena ayi. Zikakanika, njira ikulowera kuchipinda mwadutsa chija."

"Nanga mwana?"

"Panopa ayi. Impso zikapepukidwa tidzakambirana. Bambo ndinawauza zonsezi."

"Mwana wanga amadziwa?"

"Anakhala pampando mwakhalapowo, mayi."

Namwino anagoneka Nasaluni pabedi la pafupi ndi khoma n'kumulowetsa singano kudzanja. Madzi a m'thumba lopachikidwa anali otuwa ngati mkaka wosungunula. Patapita nthawi Nasaluni anayamba kunjenjemera. Namwino anati zimachitika, n'kuchepetsa madontho. Apongozi anavula juzi lawo n'kumufunditsa. Atayamba kusanza, anamugwirira beseni, dzanja lina lili pamphumi pake.

Atakhazikika, apongozi anakokera mpando pafupi.

"Ine sindinabwere kudzaona ana," anatero. "Mwana wanga anandiitana kuti ndidzamuthandize kukuuzani kuti mubwerere kwanu. Kuli mtsikana wina. Ndi woyembekezera."

Nasaluni anayang'ana madontho akugwa m'kapaipi.

"Mwamuonako?"

"Anabwera naye kwathu. Ndinamulandira ndi manja awiri." Misozi inatsika m'masaya mwa apongozi. "Ndimati inu ndinu wouma mtima."

"Chabwino," anatero Nasaluni.

"Chabwino chani, mwana wanga? Nditukwaneni. Lirani."

"Ndilibe mphamvu zake, amayi. Mundiitanireko namwino, thumba latsala pang'ono."

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, Nasaluni atatsamira paphewa la apongozi ake. Mwamuna uja anali pasofa, atavula malaya, akuonera mpira. Chikwama chake cha zipangizo chinali pamene chinagona dzulo.

"Kunja kwa tauni n'kuno?" anafunsa amayi ake. Anakhazika Nasaluni pampando, n'kukazimitsa wailesi ya kanema.

"Amayi, mwayamba chiyani?"

"Ndaona anthu magazi awo akuchapidwa ndi makina. Mkazi wako ali pakhomo pa chipinda chimenecho, iwe ukundiuza kuti akusunga thupi. Unandisandutsa nkhwangwa yako. Ndamutema mwana wa eni dzulo lomweli, pabalaza pano."

"Ndikanakuuzani zoona mukanandilola?"

"Ayi."

"N'chifukwa chake." Mwamunayo anaimirira. "Ine ndatopa, amayi. Ndinakwatira mkazi, sindinakwatire chipatala. Anzanga onse ali ndi ana kusukulu. Inu nomwe mumandifunsa za mdzukulu foni iliyonse. Lero mwasanduka woyera?"

Amayi ake anagwira tebulo. Mawuwo anawalasa, ndipo sanawakane.

"Ndinkafunsa, inde. Tchimo limenelo ndi langa. Koma bodza ndi lako."

Mwamunayo anatembenukira kwa mkazi wake. "Inu simunena kanthu? Mungokhala phee ngati chithunzi?"

Nasaluni anadzutsa mutu. Anamuona bwinobwino munthu amene kale ankamudikira panja pa saluni mpaka kasitomala womaliza atuluke. Anafufuza mumtima mwake, koma sanapezemo mkwiyo kapena chikondi.

"Ndikufuna kugona," anatero. "Pitani kumene kuli mwana wanu."

"Ndiye mukundithamangitsa m'nyumba mwanga?"

"Ndikukuthamangitsa ndine," anatero amayi ake. "Unandiitana kuti ndidzachotse munthu muno. Wochokayo ndiwe."

Mwamunayo analowa kuchipinda. Kunamveka madilowa akukokedwa, mahang'ala akugwa pansi. Anatuluka ndi chikwama chosatseka bwino, n'kumenyetsa chitseko mpaka mbale za m'kabati zinalira. Amayi ake anakhala pansi penipeni n'kulira mokweza. Nasaluni anawayang'ana, kenako anadzikoka n'kukawatungira madzi akumwa.

"Simukuyenera kutsala, amayi. Uja ndi mwana wanu."

"Ndi wanga, inde. Ndimulirira mpaka nditatopa. Inu kwezani miyendo pampandopo."

Miyezi inadutsa. Mwamuna uja sanabwerere. Apongozi anaphunzira kuphika chopanda mchere, ndipo ankadandaula nacho tsiku lililonse uku akudya. Mapilisi akale anayamba kuchepetsedwa. Thovu la mumkodzo linachepa, nsapato zinayamba kulowa. Adokotala ankangoti, "Zikuyenda, koma tisathamange."

Tsiku lina apongozi analandira foni yoti mwana wabadwa. Anaima kukhitchini nthawi yaitali, foni ili m'manja.

"Pitani," anatero Nasaluni. "Ndi mdzukulu wanu."

"Nanga dilipu ya Lachinayi?"

"Ndipita ndekha."

Lachinayi Nasaluni anagona pabedi lake la pafupi ndi khoma, singano ili kudzanja. Thumba lisanafike pakati, anamva mapazi olemera pakhomo. Apongozi analowa ali wefuwefu, fumbi la paulendo lili m'nsapato, n'kukhala pampando.

"Basi inachedwa," anatero.

"Ndi mwana wanji?"

"Wamkazi."

"Wafanana ndi ndani?"

Apongozi anazengereza. "Ndi bambo wake. Mphuno yomwe ija."

Nasaluni anagwedeza mutu. Anatembenukira kukhoma, ndipo kulira kunatuluka, kwakukulu, kogwedeza bedi. Namwino anabwera mothamanga n'kufunsa ngati singano ikupweteka.

"Asiyeni," anatero apongozi, atagwira dzanja la singanolo kuti lisagwedezeke. "Ndilipo ine."