Raundi ya Ellis Staniforth

Kunyumba kwa a Staniforth, kumtunda kwa mzinda wa Sheffield, kunali kosangalatsa kufikako. Ketulo sinkazizira, ndipo Lamulungu lililonse mayi Staniforth ankawotcha nyama ndi mbatata zokwanira ngakhale mlendo wongotulukira. Bambo Malcolm Staniforth anali mkulu wa ife oimba mabelu patchalitchi chathu. Tilipo asanu ndi mmodzi, aliyense ndi chingwe chake, ndipo mmodzi akajomba nyimbo imamveka yoperewera. Ine Glenys ndimakoka kabelu kakang'ono. Lalikulu, lolemera kuposa galimoto, linali la bambo Staniforth chiyambire unyamata wawo.

Chaka chimenecho mtima unayamba kuwavuta. Dokotala sanapite m'mbali. Anawauza kuti akadzakokanso belu lalikululo, asadzati sanauzidwe. Ndiye chingwe anachisiyira mwana wawo Ellis, mnyamata wa zaka makumi awiri, wamapewa otambalala komanso waulemu. Tonse tinkamukonda.

Zinayamba kupotoka atapalana ubwenzi ndi mnzake wa kuntchito, Kieran Bagshaw. Ameneyu mowa wa m'mabotolo ankaunyoza kuti ndi madzi otsukira mbale. Wake unali wa mumgolo, wochita kupopa ndi dzanja, umene amati ndi wamoyo chifukwa umapitiriza kupsa uli kunsi kwa bala. Ankaukweza kuwindo, kuununkhiza, kenako n'kuyamba kulalikira.

"Ife sitimwa, aise," ankatero. "Timalawa."

Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero. Ellis anayamba kujomba pokonzekera Lachinayi madzulo, ndipo akabwera ankatafuna maswiti ambiri obisira fungo la mowa.

Lachisanu lina anayala mapu a mzinda patebulo la kukhitchini, atajambula mzere kuchokera kusiteshoni mpaka kumtsinje. Ine ndinalipo, ndinabweretsa uthenga wa ukwati woti tikaimbire mabelu.

"Mawa kuli ukwati 4 koloko," anatero mayi ake. "Ukudziwa?"

"Ndikudziwa, amayi. Zonse ndakonza. Mabala sikisi, anthu sikisi, paliponse kahafu ka tambula basi. Ikamakwana 2 koloko ndili pano, ndasamba kale."

Bambo ake anatsitsa nyuzipepala. "Mukagulirana raundi?"

"Eya, adadi. Bala iliyonse mmodzi agulira tonse."

"Iwe yako ndi yachingati?"

"Yomaliza. Kumtsinje kuja ndi kumene kuli mowa wabwino, ndiye ndadzisungira."

"Gula yoyamba, mwanawe. Wogula poyamba amachoka nthawi imene wafuna. Womaliza ndi mkaidi wa anzake."

Ellis anaseka. "Adadi, mumaganiza kwambiri."

"Ndamwapo m'mabala amenewo iwe usanabadwe. Ndipo umvetsetse: ukapanda kufika, chingwe chija ndikoka ndine. Mwana wa eni sangatuluke m'tchalitchi ndi mabelu asanu."

"Malcolm," anatero mayi Staniforth, "mukakhudza chingwe chimene chija, ine ndi inu tidana." Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Wawamva bambo akowa. Ndi ouma mutu, akanena amachitadi. Usandichititse umasiye chifukwa cha thovu."

"Ndifika, amayi," anatero Ellis akupinda mapu ake.

Zimene zinachitika m'mabalamo anadzandiuza yekha pambuyo pake. Atangolowa bala yoyamba, pafupi ndi siteshoni, Bagshaw anathamangira kukauntala n'kubwera ndi matambula akuluakulu, painti yathunthu aliyense.

"Tinagwirizana mahafu," anatero Ellis.

"Hafu ndi ya agogo ako. Ndagula kale, ukufuna ndikathire pansi?"

Ellis anamwa. Koma kwathu kuno mnzako akakugulira painti, iwe sungamubwezere hafu. Ndiye wachiwiri anagula mapainti, wachitatunso chimodzimodzi. Pa bala yachitatuyo mgolo unatha, mwini bala anatsikira kunsi kukasintha, ndipo Bagshaw anakana kuchoka asanalawe wongotsegulidwa kumene. Pa yachinayi anapeza mowa wakuda bii, waukali, ndi zikopa za nkhumba zokazinga. Foni ya Ellis inalira. Ataona kuti ndi mayi ake, anaitembenuza patebulo.

Pa bala yachisanu anayang'ana wotchi ya pakhoma. 2 koloko inali itadutsa kalekale. Anaimirira.

"Amwene, ine ndapita. Kuli ukwati."

Bagshaw anaika tambula pansi pang'onopang'ono. "Wapita? Wamwa zathu zisanu, yako yayandikira, ndiye wakumbukira tchalitchi?"

"Ndikusiyirani ndalama, mukagule."

"Ife ndi opemphetsa? Raundi munthu amaimirira yekha pakauntala."

"Chabwino, ndigule pompano."

"Pano pagulidwa kale. Yako ili kumtsinje. Unajambula wekha mzere uja, kapena waiwala?" Anatembenukira kwa anzake aja. "Mwamuona mwana wa akulu ampingo? Pomwa ali patsogolo, pogula ali pakhomo."

Onse anaseka. Palibe pamene zinalembedwa, koma aliyense wa kuno amadziwa kuti wothawa raundi dzina lake limanunkha zaka ndi zaka. Kuntchito akanamunena, kumpira akanamunena. Ellis anaima pakati pa chitseko ndi tebulo, nkhope itatentha. Anaganiza za bambo ake, anaganizanso za kuseka kuja. Kenako anadziuza kuti kumtsinje si kutali.

Anapita, anagula, ndipo poti wogula sasiya tambula yake yodzaza, anamwanso.

Ife tinali titakwera kale kunsanja ya tchalitchi, m'kachipinda ka zingwe. Pansi ankamangitsa ukwati, ndipo nyimbo yomaliza inali itayamba. Bambo Staniforth anakhala pabenchi, chipewa chili pamaondo, maso ali pachitseko. Kenako tinamva munthu akukwera masitepe opapatiza aja, akuwomba khoma uku ndi uku.

"Ndafika," anatero Ellis. "Ndinanena kuti ndifika."

Fungo linayamba kulowa mwiniwake asanalowe. Anapita pachingwe chake, anatambasula dzanja n'kuchiphonya. Anayesanso, n'kugwira potsika kwambiri.

"Siya chingwe," anatero bambo ake.

"Adadi, ndili bwinobwino."

"Ndati siya. Belu limeneli likakulanda chingwe limanyamula munthu mpaka kudenga. Chikhoza kukola khosi la Glenys apa. Khala pabenchipo."

"Bambo Staniforth, tiimbe asanu," ndinatero ine. "Palibe angadziwe."

"Ndidziwa ine. Mayi ake a mkwatibwiyu ndinawaimbira ndi mabelu onse pa ukwati wawo. Si zanthawi yaitali izi."

Anavula jekete. Tinawachonderera tonse, koma munthu anali atalavulira kale m'manja. Pansi chitseko chachikulu chinatseguka, ndipo ine ndi amene ndimayambitsa. Ndinakoka kabelu kanga.

Belu lalikulu ndi limene limatseka mzere uliwonse wa nyimbo. Linabwera panthawi yake, lolemera, lokoma ngati kale. Bambo Staniforth anamwetulira pang'ono. Koma posakhalitsa linachedwa kamodzi. Linachedwanso. Nditawayang'ana, nkhope yawo inali itatuwa, thukuta lili kamukamu. Ndi mphamvu zotsala anakoka komaliza n'kuimika belulo bwinobwino kuti chingwe chisapweteke munthu. Kenako anakhala pansi, n'kugwera chammbali.

Kunja anthu ankaombera m'manja akwati, osadziwa kanthu.

"Imba ambulansi!" ndinamukuwira Ellis. Anatulutsa foni, koma zala zinkangoterereka, mpaka inagwa. Amene anaimba anali mnzathu wina. Anthu a ambulansi atafika, anachita kumukankhira kumbali pamasitepe chifukwa anali atagwada pamenepo akusanza. Mwana wamapewa otambalala uja sanathe ngakhale kugwira nawo machira a bambo ake.

Bambo Staniforth anamwalira kuchipatala tsiku lomwelo.

Ellis anaima pakhomo la khitchini m'mawa mwake, akudikira kuti mayi ake amukalipire. Akanakonda akanamumenya. Iwo anangokhala, manja ali patebulo pomwe panali mapu paja.

"Raundi yako ija unagula?" anafunsa.

"Ndinagula, amayi."

"Chabwino. Ndiye anzako sakunena."

Anadzuka n'kukaika ketulo pamoto.

Bagshaw kumaliro sanabwere. Anatumiza uthenga woti anyamata akumana kumtsinje kuti amwe pokumbukira malemu, ndipo Ellis akafuna awapeze.

Pamaliro a woimba mabelu timamangirira chikopa mbali imodzi ya chomenyera belu, kuti likalira mokweza kamodzi, kachiwiri lizimveka chapansipansi ngati likuyankha lili kutali. Ellis anapempha kuti akoke lalikulu. Ena anakana, ine ndinati mulekeni. Anakoka bwino kwambiri tsiku limenelo, osachedwa ngakhale kamodzi, misozi ikutsikira m'kolala. Zinandipweteka kuona kuti ankatha chonchi.

Achinyamata inu, ndikuuzeni mosabisa. Mowa ndi mowa, kaya ndi wa m'botolo kaya wopopa ndi dzanja, kaya mukuti mukumwa kaya mukulawa. Mukhoza kujambula mapu okongola, koma mukangokhala patebulo lija olamula ndi anzanu ndi tambula. Makolo akakuchenjezani, imvani. Ndipo anzanu akamakusekani kuti mukuthawa, alekeni aseke, inu dzukani muzipita. Kusekedwa kumatha.

Ellis anasiya mowa, ndipo Lachinayi lililonse amakhala woyamba kufika. Mayi ake amamuphikira, amamuchapira, amalankhula naye bwinobwino. Koma Lamulungu m'mawa, belu lalikulu likangoyamba kulira, amadzuka n'kukatseka mawindo.